Ndili ndi BP ndi shuga: kodi inshuwalansi ya pa ulendo idzandilipirira ndikadwala kunja?

Mayi wina walemba motere: "Ndili ndi zaka 61, ndipo mu Disembala ndikupita ku Germany kukaona mwana wanga wamkazi amene watsala pang'ono kuchira. Ndikakhalako miyezi iwiri, ndipo akuti mpata ukapezeka tikafikanso ku London kwa mchimwene wake sabata imodzi. Ndimamwa mankhwala a BP ndi a shuga, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Pofunsira viza anandiuza kuti ndigule inshuwalansi ya pa ulendo, ndiye ndinangogula yotchipa kwambiri imene anandionetsa. Mnzanga anandilangiza kuti ndisatchule za matendawa chifukwa mtengo ukwera, ndipo sindinatchuledi. Tsopano mtima sukukhala m'malo. Kodi nditadwala mwadzidzidzi kumeneko adzandilipirira? Nanga sikimu yanga ya chipatala ya kuntchito singandithandize?"

Mayi, mwachita bwino kulemba, ndipo mwalemba nthawi yabwino, musanakwere ndege. Mtima ukhale pansi. Anthu ambiri a msinkhu wanu, a BP ndi shuga ngati inu, amayenda ulendo wotere n'kubwerako osaponda ndi pakhomo pomwe pa chipatala. Cholakwika chimene chachitikachi n'chokonzeka; chikanavuta mukanafunsa muli gone pa bedi la chipatala cha eni. Koma sindikunamizani. Mmene zinthu zilili lero, pepala limene muli nalolo likhoza kukutsegulirani chipata cha dziko, n'kudzakukanani tsiku limene mudzalifune kwambiri. Ndagwira ntchito ya inshuwalansi ya apaulendo zaka zambiri, nthawi yaikulu ndili pa tebulo limene pamafikira mabilu a anthu odwalira kunja, ndipo pa nkhani zonse zimene zadutsa m'manja mwanga, imene imandiwawa kwambiri ndi yofanana ndi yanuyi: munthu analipira ndalama zake bwinobwino, koma anabisa matenda.

Tiyambe ndi pepala lanulo. Mayiko 29 a chigawo cha Schengen, kuphatikizapo Germany, amatsatira lamulo limodzi la viza limene linakhazikitsidwa mu 2009. Lamulolo limati wofunsira viza ya ulendo waufupi akhale ndi inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000, yogwira ntchito m'mayiko onse a chigawocho masiku onse amene akakhale, yolipira chithandizo chadzidzidzi, kugonekedwa m'chipatala, kubwezedwa kwawo chifukwa cha matenda, ndiponso zofunika munthu akamwalira. Wa ku ofesi ya viza amangoona ngati zimenezi zalembedwa. Sakhala pansi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumasamba akumapeto, kumene kampani imandandalika zimene sidzalipira. Inshuwalansi zotchipa zambiri zinapangidwira ntchito imodzi yomweyo, yodutsitsa munthu pa zenera la viza, ndipo zambiri mwa izo zili ndi chiganizo chonena kuti sizilipira matenda amene munthu anali nawo kale asananyamuke. Pa pepala lanu fufuzani mawu akuti pre-existing conditions. Pamene muwapezepo ndi pamene pagona nkhani yanu yonse.

Anthu amayesa ngati chiganizochi chimangotanthauza kuti sadzakugulirani mapiritsi a BP akakutherani. Chimafika patali kuposa pamenepo. Sitiroko madokotala amailumikiza ndi BP. Matenda a mtima amawalumikiza ndi BP komanso shuga. Impso zikafooka, chilonda cha kuphazi chikakana kupola, mukachita chizungulire shuga atatsika n'kugwa pa masitepe mpaka kuthyoka chiuno, zonsezi kampani ikhoza kunena kuti muzu wake ndi matenda akale aja. Ndiye taonani mmene zakhalira: zinthu zimene zingagoneke mayi wa zaka 61 m'chipatala mwadzidzidzi, zomwenso zili zodula kwambiri kuchiza, ndi zomwezo zimene zatsalira kunja kwa mpanda.

Mnzanu uja sanakufunireni zoipa, koma sadziwa mmene mabilu amayendera. Bilu ikakhala yaing'ono, ya chifuwa kapena ya m'mimba, mwina palibe adzafunse kanthu. Ikakula, kampani siyamba kulipira isanaone mbiri ya wodwala. Ndipo mbiriyo mudzaiulula nokha. Dokotala wokulandirani kuchipatala adzafunsa mankhwala amene mumamwa, ndipo inu kapena mwana wanu mudzanena zoona, chifukwa pamalo pamenepo bodza likhoza kukuphani. Zimene mwanenazo zimalowa mu lipoti, lipotilo limapita ku kampani. Magazi nawonso sabisa: pali kuyeza kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'thupi miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Zikatero kampani imalembera dokotala amene amakuonani kwanu kupempha fayilo yanu yonse.

Sindiiwala bambo wina amene anapita kukacheza kwa mwana wake wamwamuna. Sabata yachitatu anagwa m'bafa m'mawa, pakamwa patapotoka. Chipatala chinachita zonse bwino, moyo unapulumuka. Fayilo yawo itafika pa tebulo langa, pamwamba panali fomu imene anasayina pogula inshuwalansi, ndipo pa funso lakuti kodi mumamwa mankhwala aliwonse tsiku ndi tsiku, anachonga kuti ayi, mwaukhondo, ndi cholembera cha buluu. Pansi pake panali tsamba loyamba la lipoti la chipatala, pomwe namwino anakoperapo mayina atatu a mankhwala a BP kuchokera pa timabokosi timene mwana uja anabweretsa m'kathumba ka pulasitiki. Ndine amene ndinaimba foni kumuuza mwanayo kuti bilu sitilipira. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi mawu otsika kuti, "Nanga akanatchula, akanawonjezera zingati?" Ndalama imene akanawonjezera sinali kufika ngakhale pa mtengo wa tsiku limodzi la bedi limene bambo ake anagonapo masabata atatu.

Choncho sabata ino isathe musanakonze zimenezi. Lemberani kampani imene munagulako inshuwalansi, kulemba ndithu, pa imelo kapena pa kalata, osangoimba foni, kuti umboni utsale. Auzeni kuti muli ndi BP ndi shuga, zinayamba liti, mumamwa mankhwala ati, ndipo munagonekedwapo m'chipatala kapena ayi. Musachite manyazi kuti poyamba simunanene. Kukonza fomu ulendo usanayambe n'chinthu chimene timachiona tsiku ndi tsiku. Akhoza kuvomera kuti matendawo alowe mu inshuwalansi mukawonjezera ndalama, ndipo limeneli ndilo yankho limene tikulifuna. Akhoza kunena kuti inshuwalansi ipitirira koma chilichonse chochokera ku BP ndi shuga sadzalipira. Akhozanso kukana kuti mtundu umene munagulawo sulandira matenda akale. Akayankha mwa njira ziwiri zomalizazi, musakangane nawo, pitani mukagule kwina imene imalandira anthu a matenda okhalitsa. Idzakhala yodula kuposa yoyambayo, ndipo kwa ine kudula kwakeko ndiko chizindikiro choti kampaniyo yakuonani mmene mulili n'kuvomera kukusenzani. Ngakhale yankho litakhala lachiwiri lija, mwapindulabe, chifukwa makampani ena akapeza kuti munthu ananama pa fomu amafafaniza inshuwalansi yonse, mpaka kukana ndi mkono womwe wothyoka chifukwa choterereka pa chipale chofewa, ngozi imene siikhudzana n'komwe ndi BP.

Pali kachiganizo kena kamene kamakola anthu oona mtima, amene anatchula zonse. Inshuwalansi zambiri zimati matenda akale zilipira pokhapokha ngati akhala okhazikika kwa nthawi yakutiyakuti ulendo usanayambe, kawirikawiri miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Kukhazikika kwake n'kwakuti simunagonekedwe, simukudikira zotsatira za kuyezedwa kwina, ndipo mankhwala sanasinthidwe. Ena amawerengera ngakhale kuchepetsedwa kwa mankhwala ngati kusintha. Ndiye ngati dokotala angakusinthireni mapiritsi masabata otsala ano, musakane chifukwa cha inshuwalansi, thanzi lanu ndilo loyamba, koma tsiku lomwelo dziwitsani kampani ndipo akuyankheni polemba.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa pali munthu wina amene nkhaniyi ingamugwere, ndipo ndi mwana wanu. Inshuwalansi yake ya ku Germany siikukhudzani inu mlendo wake, ndipo khadi ya chipatala ya ku Ulaya yotchedwa EHIC ndi ya anthu okhawo amene ali pa inshuwalansi za mayiko a kumeneko. Mumufunse ngati pokuitanani anasayina chikalata chotchedwa Verpflichtungserklärung ku ofesi yoona za alendo. Amene wasayina chikalata chimenecho amalonjeza kubweza ndalama zonse zimene boma lingawononge pa mlendo wake, kuphatikizapo za chipatala. Kampani ikakana, ngongole ija ikhoza kukagogoda pa chitseko cha mayi amene wangochira kumene, ali ndi khanda m'manja. Ena amaganiza kuti ofesi ya kazembe wa dziko lawo idzalowererapo. Akazembe amathandiza kudziwitsa abale ndi kulongosola mapepala, koma mabilu a chipatala salipira.

Tsopano za kuchuluka kwa ndalama. Mayuro 30,000 amamveka ochuluka, ndipo pa mkono wothyoka kapena opaleshoni ya apendikisi amakwanadi. Koma chiwerengero chimenechi ndi chochepetsetsa chimene lamulo limalola, si chimene munthu wodwala kwambiri amafuna. Masabata awiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi opaleshoni ya mtima pamwamba, akhoza kuidya ndalama yonseyo, ndipo apo nkhani yobwerera kwanu isanayambe. Kwa munthu ngati inu wopita ku Ulaya, ine sindimasangalala ndi yochepera mayuro 100,000. Wopita ku United States ndimamuuza kuti asanyamuke ndi yochepera madola 500,000, chifukwa kumeneko chithandizo n'chodula koopsa. Lamulo lawo la 1986 limakakamiza zipatala zambiri kuyeza ndi kupulumutsa aliyense wofika mwadzidzidzi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, koma silinena kuti chithandizocho n'chaulere. Bilu imabwera pambuyo.

Kubwezedwa kwanu muli wodwala ndi gawo limene anthu saliwerenga n'komwe pogula, chonsecho ndilo limagwetsa mabanja. Pa pepala limalembedwa kuti medical evacuation kapena repatriation. Munthu wochita sitiroko sangangokwera ndege ngati mmene anapitira. M'ndege mpweya umakhala wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita pakati pa 1,800 ndi 2,400, ndipo thupi lofooka silipirira bwino. Pamafunika dokotala alembe kuti wodwala akhoza kuuluka, kampani ya ndege nayonso ivomere. Wina amangofunika mpando wogoneka ndi namwino womuperekeza. Wina amafunika machira, ndipo kuti machirawo alowe amatseka mipando ingapo ya kumbuyo, yonseyo yolipiridwa. Wina, amene ali pa makina opumira, amafunika ndege ya ambulansi ya iye yekha, ndi dokotala ndi namwino, yoima m'njira kuthira mafuta, ndipo ulendo wotere wochoka kontinenti ina kupita ina umatha kupitirira madola 100,000. Ndiye muone ngati ndalama ya kubwezedwa ili payokha kapena ikuchotsedwa pa mayuro 30,000 omwe aja. Ngati ili mumphika umodzi ndi ya chipatala, chipatala chikadya mbali yaikulu, yobwererera sipatsala.

Mudziwenso kuti woweruza za kubwerera si inu kapena ana anu, ndi dokotala wa kampani mogwirizana ndi dokotala amene akukuchizani. Banja likachita mantha n'kugula lokha tikiti kapena kubwereka ndege osauza kampani, ndalamazo kawirikawiri sizibwezedwa. Komanso kampani ikanena kuti mwapeza bwino mokwanira kuti mukapitirize chithandizo kwanu, inu n'kukana chifukwa mukufuna kukhalabe pafupi ndi mdzukulu, inshuwalansi zambiri zimasiya kulipira kuyambira tsiku limenelo. Pali mzere winanso umene palibe amafuna kuuwerenga, wa kunyamula thupi munthu akamwalira kunja. Ndimaunena chifukwa ndaona ana akulira maliro uku akuyendayenda kufuna ngongole. Ingoonani kuti ulipo ndi kuchuluka kwake, kenako mutseke tsambalo.

Ulendo wa ku London ndi nkhani ina payokha. United Kingdom sili m'chigawo cha Schengen, ndipo Ireland nayonso ayi. Ngati pepala lanu likuti limagwira ntchito m'mayiko a Schengen okha, tsiku limene mudzatsike ku London mudzakhala opanda inshuwalansi. Ambiri amamva kuti chipatala cha ku England n'chaulere, ndipo pali choonadi pang'ono: kuonedwa ku dipatimenti ya ngozi ndi matenda adzidzidzi n'kwaulere kwa aliyense. Koma akangokugonekani mu wodi, mlendo ngati inu amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo wa chithandizocho, ndipo ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposerapo ikakhala miyezi iwiri osalipidwa imakanenedwa ku ofesi yoona za olowa m'dziko, zimene zingakumanitseni viza m'tsogolo. Pemphani inshuwalansi yotchula Ulaya yense kuphatikizapo United Kingdom, kapena ya dziko lonse lapansi. Ya dziko lonse ili ndi ubwino winanso: ngati musinthe ndege pa bwalo la dziko lina kunja kwa Ulaya n'kudwala pomwepo, muli otetezeka. Masiku nawonso muwerenge bwino. Inshuwalansi iyambe tsiku lonyamuka pakhomo, ithe tsiku lofika pakhomo, ndipo ine ndimawonjezera masiku angapo, chifukwa ndege zimachedwa, makanda nawonso sabadwa pa tsiku limene anauzidwa. Mukaganiza zowonjezera masiku muli komweko, pemphani inshuwalansi isanathe. Ikatha, makampani ambiri salumikiza, ndipo amene angavomere amayamba mwatsopano, n'kuwerengera chilichonse chimene mwadwala pa ulendowo ngati matenda akale.

Za sikimu yanu ya kuntchito, musaiyese yopanda ntchito, koma musaidalire musanafunse. Masikimu ambiri amagwira ntchito m'dziko lawo lokha kapena m'mayiko oyandikana nalo. Amene ali ndi gawo la kunja amakonda kuika malire a masiku, amafuna muwauze musananyamuke, ndipo ena amati muyambe mwalipira nokha adzakubwezereni potengera mitengo ya zipatala za kwanu, imene singafanane ndi bilu ya ku Germany. Afunseni mafunso omwewa ndipo akupatseni kalata. Chimodzimodzi inshuwalansi imene imabwera ndi makhadi ena a kubanki: kawirikawiri imagwira ntchito ngati tikiti munagula ndi khadiyo, ili ndi malire a zaka ndi a masiku, ndipo matenda akale siilipira. Mukakhala ndi ziwiri, tsiku la vuto muuze onse awiri.

Zina zimene salipira sizikukhudzani kwambiri, koma ndizitchule chifukwa ena owerenga zikuwakhudza: ngozi yochitika munthu ataledzera, kukwera njinga yamoto opanda laisensi kapena chipewa, masewera oopsa amene sanalembedwe, kugwira ntchito yamanja pa inshuwalansi ya alendo, mimba imene yapitirira masabata amene kampani inaika. Mano amangolipira kuletsa ululu. Ziwiri zokha ndi zanu. Choyamba, salipira munthu amene wayenda dokotala atamuletsa. Chachiwiri, salipira chithandizo chimene munthu wachita kupitira. Mwana wanu akadzati, "Amayi, poti mwabwera, tiyeni akakuyezeni maso ndi mtima," ndi maganizo abwino, koma imeneyo ndi ya m'thumba mwake. Muonenso mawu akuti excess, imene ndi ndalama yoyamba yomwe mumalipira nokha pa bilu iliyonse kampani isanayambe kulipira yotsalayo.

Tifike pa tsiku lenilenilo, limene tikupemphera kuti lisafike. Mukaona pakamwa papotoka, mkono umodzi wafooka, mawu akutuluka mosamveka, chifuwa chikuthina ngati mwasenzetsedwa mwala, mpweya ukuvuta, kapena munthu wa shuga wasokonezeka mutu ndipo sakutsitsimuka, imbani 112. Nambala imeneyi imagwira ntchito m'mayiko onse a European Union ndipo ndi yaulere. Ku London ndi 999, ngakhale 112 imalowanso. Musayambe kusaka pepala la inshuwalansi, musadikire chilolezo cha munthu. Mankhwala osungunula magazi oundana pa sitiroko amaperekedwa kawirikawiri mkati mwa maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro, ndipo ndaonapo mabanja akutaya ola lathunthu ali pa foni kufunsa ngati ambulansi idzalipiridwa. Palibe kampani yolongosoka imene ingakudzudzuleni chifukwa choitana ambulansi pa ngozi yeniyeni. Zikakhala zazing'ono, monga kutentha thupi kapena kusanza usiku zipatala zazing'ono zitatseka, ku Germany kuli nambala ya dokotala wa pa ntchito, 116117, ndipo ku England ndi 111.

Mukangofika m'manja mwa madokotala, mwana wanu aimbe nambala ya thandizo ya kampani, ija yogwira usana ndi usiku. Makampani ambiri amafuna kudziwitsidwa mkati mwa maola 24 kapena 48 munthu akagonekedwa. Akonzekere nambala ya inshuwalansi, dzina la chipatala, wodi, ndi dzina la dokotala, ndipo alembe nambala ya nkhani imene amupatse pamodzi ndi dzina la amene walankhula naye. Chimene akupempha ndi kalata yotsimikizira chipatala kuti kampani ilipira, imene amaitcha guarantee of payment. Kalata imeneyi ikafika, bilu imapita ku kampani, inu simugwira ndalama. Ikachedwa, chipatala chikhoza kupempha ndalama yachikole, ndiye aziimba mobwerezabwereza mpaka itatumizidwa. Kwa ine, nambala imeneyi ndiyo inshuwalansi yeniyeni. Musananyamuke iyeseni, muimbe tsiku lina usiku mungomva ngati munthu akuyankha, ndipo muone ngati ili ndi nambala ya dziko kutsogolo, chifukwa manambala aulere a m'dziko limodzi salowa mukaimbira kunja.

Pepalalo musalisunge mufoni mokha. Mayi wina anakomoka pa siteshoni ya sitima, ndipo inshuwalansi yake yabwino kwambiri inali mufoni yokhoma ndi nambala yachinsinsi imene ankaidziwa yekha. Panapita masiku awiri abale asanadziwe kuti ndi kampani iti. Sindikizani makope, limodzi likhale mu pasipoti, lina kwa mwana wanu wa ku Germany, lina kwa wa ku London. Pa kapepala kakang'ono lembani dzina lanu, matenda anu, mankhwala anu, nambala ya inshuwalansi ndi foni ya mwana wanu, kazikhala m'chikwama chimene mumayenda nacho. Chilichonse chimene mwalipira nokha, kaya kwa dokotala kaya kogula mankhwala, tengani lisiti yofotokoza chimene chachitika chimodzichimodzi, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula matenda. Kalisiti ka makina a khadi kokha sikakwanira. Ndipo mukabwerera musagone nazo, chifukwa nthawi yopempha kubwezeredwa ili ndi malire.

Dokotala wanu mukamuone pasanathe masabata awiri kuchokera lero, osadikira sabata yonyamuka. Akuyezeni BP ndi shuga, ndipo akulembereni kalata m'Chingerezi yonena kuti mukhoza kuyenda, yotchula mankhwala anu ndi mayina awo enieni, monga amlodipine kapena metformin ngati ndi amene mumamwa, chifukwa mayina a pa bokosi amasiyana dziko ndi dziko. Kalata yomweyo ndi umboni wanu kwa kampani kuti munanyamuka muli bwino. Tengani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apadera, m'mabokosi awo, m'chikwama cha m'manja. Ngati mumabaya insulini, isalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, kumene ikhoza kuzizira mpaka kuwonongeka kapena kusochera ndi katundu. Pa ulendo wopitirira maola anayi muziimirira n'kuyendako, muzimwa madzi, ndipo masiku otsatira mukaona mwendo umodzi watupa ndi kupweteka kukatumba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati miyezi yapitayi munamvapo kupweteka pachifuwa, kubanika mukakwera chitunda, kapena dzanzi la mbali imodzi ngakhale linatha lokha, mumuuze dokotala mosabisa, ndipo akanena kuti ulendo uyembekeze, umvereni.

Ngati mwawerenga pepala lanu koma silikumveka, musadzione ngati osaphunzira, chifukwa mapepala amenewa amavuta ngakhale ife a ntchitoyi. Safunsa anadya phula. Pitani nalo kwa mlangizi wa inshuwalansi wovomerezeka amene amagulitsa za makampani angapo, osati kwa wogulitsa matikiti yekha, ndipo ngati n'kotheka mwana wanu akhale nawo pa foni. Tsiku lina kampani ikadzakana bilu imene inu mukuona kuti inayenera kulipira, musavomere yankho la pakamwa. Pemphani chifukwa chake polemba ndi chiganizo chimene atsamirapo, tengani kalata ya dokotala amene anakuchizani yonena ngati matendawo akukhudzanadi ndi akale, n'kuchita apilo. Zikakanika, kadandauleni ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko limene munagula. Ndaona zigamulo zambiri zikusintha chifukwa cha kalata imodzi ya dokotala.

Mukamalembera kampani mawa, funso lanu likhale lachindunji, loti asathe kulizemba: "Ndili ndi zaka 61, ndili ndi BP ndi shuga, ndimamwa mankhwala awa. Nditachita sitiroko ku Germany kapena ku London pakati pa tsiku lakuti ndi lakuti, kodi mudzalipira chipatala ndi kundibweza kwathu, ndipo mpaka ndalama zingati?" Yankho lawo mulisindikize, mulipinde pamodzi ndi kalata ya dokotala, zilowe mu pasipoti musanayambe kulongedza zovala za mdzukulu.